Tsiku Limene a Cheukani Adacheuka

Kuseri kwa mapiri amene mayina ake sapezeka pa mapu a kusukulu kuli dziko lotchedwa Pumulani, dziko la anthu olimbika pa khasu ndi pa malonda, amenenso ankadziwa kuti thupi likatopa liyenera kupatsidwa nthawi yoseka. Pachifukwa chimenechi makolo awo adapatula malo aakulu kunja kwa likulu, nawazinga ndi mpanda wa maluwa, nawatcha Bwalo la Sekerera. M'menemo munali akatungwe ouluka, mahatchi amatabwa ozungulira, ndi gudumu lalitali limene linkakweza anthu mpaka aone madenga a mzinda wonse. Koma chimene chinkatulutsa anthu m'maboma akutali, ena atabereka ana kumbuyo, ena atagwira nkhalamba zawo padzanja, chinali kasitima kakang'ono kolowa m'Phiri la Njuchi, phiri lomangidwa ndi manja a anthu, lodzaza ndi zosemasema m'mimba mwake.

Kasitimako sikankathamanga. Kankalowa mumdima wozizira bwino, n'kudutsa anyani amtengo okhala pathanthwe, n'kuoloka kamlatho konjenjemera, n'kupitirira wosula zitsulo amene nyundo yake inkakwera ndi kutsika, kenaka n'kufika pamlambe waukulu. Pamwamba pa mlambewo panali munthu wofula uchi, muuni wa utsi kudzanja lamanzere, lamanja litalowa m'phanga la njuchi, msana atalozetsa kwa okwera. Nkhope yake palibe adaionapo, pakuti mmisiri sadaiseme n'komwe. Ana akafika pamenepo ankakuwa onse pamodzi kuti, "Cheukani, bambo, cheukani!" ndipo dzina lidamera pomwepo: a Cheukani. Poti munthuyo sankacheuka, aliyense ankamupatsa nkhope ya kumtima kwake. Mayi wamasiye ankaona mwamuna wake, mlendo ankaona atate ake amene adawasiya kumudzi, ndipo anthu ankatuluka m'phirimo akukangana mosangalala za munthu mmodzi yemweyo.

Amene adasema zonsezi anali a Gwiritsa, mmisiri wamkulu wa dzikolo, munthu wolemekezeka amene mpando wake unali pafupi ndi wa nduna. Adazisema akali mnyamata, ndipo adakalamba akuzipukuta, akuzidzoza mafuta, akuziyankhula ngati ana obala yekha. Pampando wa ufumu nthawi imeneyo panali Mfumukazi Mverazonse, mayi wa mtima wofewa, amene sankatha kudya akamva kuti pali wina m'dziko lake amene wagona wokhumudwa. Khalidwe limeneli linali ulemerero wake, linalinso mtolo wake.

Chaka china kudafika a Nyezimira, katswiri wojambula kanema. Adakwera kasitimako, natuluka maso akuwala, napita kukagwada pamaso pa mfumukazi kupempha chilolezo chakuti asandutse Phiri la Njuchi kukhala nkhani ya pa kanema. Chilolezo chidaperekedwa mokondwa. Koma kanema safuna munthu wosonyeza msana, choncho a Nyezimira adampatsa wofula uchi uja nkhope yosalala, chifuwa chotambalala, mkondo wonyezimira, ndi dzina lakuti Mphezi. M'kanemamo Mphezi sankangofula uchi ayi, ankalimbana ndi chinjuchi chachikulu ngati ng'ombe chimene chinkasautsa midzi. Kanemayo adakoma, tisaname. Adadutsa malire a Pumulani, naonetsedwa m'maiko a zinenero zina, ndipo posakhalitsa pachipata cha Sekerera padayamba kufika anthu amene kasitimako sadakamvepo, koma Mphezi akumudziwa mpaka chipsera cha pachipumi. Ankakwera mwachidwi, n'kutuluka nkhope zitagwa. Ana ankalira pabwalo ponse kuti, "Mphezi ali kuti? Mwatibisira Mphezi!" ndipo makolo awo, atayenda mtunda wautali chotero, ankabwerera nawo kwawo okhumudwa.

Kulira kumeneku kudafika kunyumba yachifumu, ndipo mfumukazi idaitanitsa bwalo. Nduna zitakhala pansi, a Nyezimira adaomba m'manja mwaulemu nayamba: "Mayi wa fuko, mwini dziko, sindidabwere kuno kudzanyoza ntchito ya a Gwiritsa, pakuti popanda manja awo ine sindikadakhala ndi nkhani. Koma taonani ana awa. Abwera ndi chikondi, ndipo tikuwabweza ndi misozi. Kodi bwalo lija lidamangidwira matabwa kapena ana? Mwana wa lero adamuona Mphezi asadaone phiri. Kwa iye kanema ndiye chiyambi, ndipo phiri ndilo likunama. Lolani kuti wofula uchi acheuke, aonetse nkhope imene dziko lonse likuidziwa kale, kuti mabanja amene amadyera pabwalo lija asaone chipata chikumera udzu."

A Gwiritsa adadzuka pang'onopang'ono, nagwada ndi bondo limodzi, popeza linalo linali litayamba kuwakana. "Zikomo, mayi wathu, inu amene mumamva ndi makutu onse awiri. A Nyezimira ayankhula zoona, ndipo misozi ya anawo nanenso ndaiona. Koma ndikupempha muganizire amene sakulira mokweza. Pali anthu m'dziko lino amene adakwera kasitima kaja ali pamiyendo ya amayi awo, ndipo lero amabwera ndi zidzukulu. Akafika pamlambe paja amakumana ndi akufa awo, chifukwa munthu uja alibe nkhope yoti awatsutse nayo. Mukangomucheutsa, adzakhala munthu mmodzi basi, wa a Nyezimira, ndipo enawo onse adzachoka m'phirimo osabwereranso. Kanema ali ndi nsalu yake yoonetserapo, akhale pamenepo. Phiri lidabadwa kale, lisakakamizidwe kufanana ndi mwana wake."

Mfumukazi idagwira chibwano ndi dzanja. Onse awiri idawamva, ndipo onse awiri adaimvetsa chisoni. Koma chisoni cha okalamba chinali chosaoneka, pamene kulira kwa ana kunkamveka mpaka pakhonde lake. Potsiriza idati: "A Gwiritsa, tate wa luso m'dziko lino, mundikhululukire. Sindingathe kumva mwana akulira pamalo amene adamangidwira kuseka. Wofula uchi acheuke. Ndikadakonda kuti nkhope yatsopanoyo muiseme ndinu, kuti dzanja likhale lomwelo." Mmisiriyo adaweramitsa mutu nati, "Lamulo lanu ndalimva, mayi, ndipo sindilitsutsa. Koma nkhopeyo aiseme ena. Ine ndingopempha kuti a Cheukani musawaotche; ndiwatenge ndikakhale nawo kwathu."

Zidachitika motero. A Cheukani adatsitsidwa pamlambe, nakwezedwa pangolo, anthu achikulire ataima m'mbali mwa msewu, ena akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. A Gwiritsa adawaimika m'chisakasa kuseri kwa nyumba yawo, nalumbira kuti phazi lawo silidzapondanso pa Sekerera. M'phiri muja amisiri ochokera kunja adaikamo Mphezi wamakina, amene kasitima kakafika ankatembenuza khosi, n'kukweza mkondo, magetsi akuthwanima, chinjuchi chikulira m'zokuzira mawu. Ana adaleka kulira. Chipata chidadzaza kuposa kale, ndipo mfumukazi idayambanso kudya bwino, ngakhale kuti ikadutsa pafupi ndi nyumba ya a Gwiritsa inkauza woyendetsa galimoto kuti adzere njira ina.

Zaka zidapita zambiri, zokwanira kuti mwana akule, akwatiwe, nayenso abereke. Makanema ena adabwera, ngwazi zina zidatchuka, ndipo Mphezi adaleka kuonetsedwa. A Nyezimira nawo adachita imvi, ndipo ukalamba udawapatsa mtima wina. Adajambula kanema wachiwiri, wofatsa, wopanda mkondo, wonena za munthu wofula uchi amene nkhope yake sioneka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anthu adamukonda modabwitsa, ndipo alendo atsopano adayamba kufika pachipata akufunsa za munthu wosacheuka. Mfumukazi Mverazonse, tsopano ikuyendera ndodo, idaona kuti mwayi wokonza mtima wake wafika. Idatuma nduna kukatenga a Gwiritsa, ndipo atafika idawalandira ndi manja awiri. "Tate wa luso, nthawi yakuweruzirani mlandu. A Nyezimira omwe akupempha kuti Mphezi atsike, a Cheukani abwerere pamlambe pawo. Pitani mukaone malowo, mutiuze zofunika, ndipo tsiku lowabwezera lidzakhala chikondwerero cha dziko lonse."

Chimwemwe cha a Gwiritsa sichidabisike. Nkhalamba imene anthu adaiwala kuseka kwake idaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake adavala jekete lawo la pamwambo, namasula lumbiro lawo, napita ku Sekerera. Pachipata adapeza gulu la anthu, ambiri a msinkhu wa zidzukulu zawo, ataima nkhope zili zolemera, pakuti mbiri yakuti Mphezi achotsedwa inali itawanda. Mmisiriyo sadawalabadire kwenikweni. Adakwera kasitima, nakhala pambali pa mayi wina wachitsikana amene adafukata kamwana kakakazi.

Anyani anali pomwe adawasiya, ndipo nyundo ya wosula zitsulo inali kukwerabe ndi kutsika. Atafika pamlambe, a Gwiritsa adamuona Mphezi koyamba. Utoto wa pankhope unali utasuwa, mkondo utachita dzimbiri kunsonga, ndipo khosi lidalira ngati chitseko chakale lisadatembenuke, n'kuima panjira nkhope isadafike kwa okwera. Komabe m'kasitima monse anthu adakweza manja nafuula dzina lake. Mayi uja adagwira kadzanja ka mwana wake nakakweza m'mwamba, misozi ikutsika osaipukuta.

Atatuluka kuwala, a Gwiritsa adamufunsa mofatsa kuti, "Mwana wanga, ndiwe yani, ndipo chakuliza n'chiyani pamalo oseka?" Mayiyo, amene sankawadziwa, adapinda maondo nati: "Ndine Ndasiyidwa, agogo. Pepani, ndachita manyazi. Bambo anga ndiwo ankabwera nane kuno ndili wamng'ono ngati uyu. Ndinkaopa chinjuchi chija, ndiye iwo ankandigwira dzanja n'kulikweza, amvekere, usaope, Mphezi wakuona. Adatisiya ndisadakwatiwe, ndipo mdzukulu wawoyu sadamuone. Kanemayo ine sindimukumbukanso bwino, koma ndikafika pamlambe paja ndimamva dzanja lawo. Tsopano akuti amuchotsa kuti afanane ndi kanema watsopano. Agogo, n'chifukwa chiyani akuluakulu sangasiye zinthu zakale zikhale momwe tidazipezera?"

A Gwiritsa adafuna kumuuza kuti zakale zenizeni zili m'chisakasa kwawo, koma adazindikira kuti kwa mayiyo zakale ndiye Mphezi. Adayang'ana mayiyo, nayang'ana gulu lija la pachipata, nakhala pabenchi nthawi yaitali, chipewa chili pamaondo.

Madzulo asadafike adabwerera kunyumba yachifumu, kumene mfumukazi ndi a Nyezimira ankawadikira ndi nkhope zowala. Adagwada movutikira nati: "Mayi wa fuko, mudandiitana kuti mundibwezere chimene ndidalira nacho zaka zonsezi, ndipo ndikuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Koma ndabwera kudzapempha kuti Mphezi asatsike. Sindimukonda, ndipo sadasemedwe bwino. Mapewa ake ndi aakulu kuposa muyeso. Koma pamlambe paja pafika kale anthu ena ndi akufa awo."

Mfumukazi idadzidzimuka. "Nanga alendo amene akubwera kudzafuna munthu wosacheuka, tiwauza chiyani? Kodi nawonso abwerere akulira? Nanga inu eni ake, a Gwiritsa?" Nkhalambayo idapukusa mutu. "Funso limenelo lidatikanika tonse tsiku lija, mayi, ndipo likundikanikabe lero. Mwina nduna zanu zipeza nzeru imene ine ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti ngolo ija idanyamula a Cheukani ndidayenda pambuyo pake kamodzi, ndipo manja angawa sangakwezepo Mphezi, munthu wa ana a anzanga." A Nyezimira ataona nkhope ya mmisiriyo adaweramitsa mutu.

M'mawa mwake alonda a pa Sekerera adadabwa kuona a Gwiritsa akufika chipata chisadatsegulidwe, atavala ovolosi yawo yakale, kachitini ka mafuta kudzanja lina, utoto ndi burashi kudzanja linalo. Atawafunsa ngati abwera kudzayamba ntchito yotsitsa Mphezi, nkhalambayo idati, "Iyayi, ana anga. Ndigwirireni makwerero. Khosi la mnyamata uja lauma, sakutha kucheuka bwino."