Makuponi a Malemu Mwansa

Chinali chaka cha 2023, ine ndili ndi zaka 74. Munthu wa msinkhu umenewo sathawa m'sitolo. Ine ndinathawa.

Ndimamwa mankhwala a BP, ndipo mtengo wake umakwera kuposa BP yeniyeniyo. Ana ndili nawo, wina ku Woodlands, wina ku Chelstone, muno mu Lusaka. Koma sindipempha. Sindinapemphepo.

Mnzanga Mwansa, Mbemba wa ku Luapula amene tinkakhala moyandikana ku Kabwata, anamwalira m'nyengo yozizira. Pogawa zovala, mkazi wake, Bana Chanda, anandipatsa jekete. M'thumba lam'kati ndinapezamo makuponi, timapepala ta kemisiti ina ya m'tauni tochepetsera mtengo wa mankhwala. Dzina linali lake. Koma matenda athu anali amodzi, mapiritsi amodzi. (Ndinati mwiniwake BP yamuthera, nanga mapepala awolerenji?)

Lachinayi masana ndinavala jekete ndi kupita. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana kuponi, nagogoda kompyuta.

"Ndimwe ba Mwansa? Yamene yaja ya mwezi na mwezi?"

Sindinaname. Ndinangotsokomola. Iye anamva zimene anamva, ndipo ndinatuluka ndi mapiritsi.

Mawa lake Bana Chanda anafika kwanga milomo ili gwa, atakulunga foni ya malemu m'chitenje. Anati dzulo masana inalira yokha m'dilowa. Uthenga wake unali wothokoza bambo Mwansa chifukwa chobwera kudzagula, ndi kuwakumbutsa kumwa mankhwala akatha kudya.

"Ba shikulu," anatero, monga Abemba amaitanira nkhalamba, "si tinabaika ku manda ya ku Chunga imwe mulipo? Manje bagula bwanji mankhwala mu tauni?"

Musaseke. M'nthawi yanga uthenga unkatumizidwa ndi munthu. Zoti kompyuta imalembera anthu yokha palibe anandiuza. Ndinaganiza bwinobwino: dzulo masana, m'kemisiti imeneyo, ine ndinalimo. Ndiye kuti Mwansa analimonso. Kumbuyo kwanga.

"Pempherani, mayi," ndinatero. Mawu anatuluka ang'ono.

Kuyambira tsikulo jekete linasintha. Ndikalipachika pa msomali, mapewa ake ankaima ngati muli munthu. Fungo la mafuta amene Mwansa ankapaka pachifuwa linakana kuchoka. Ndinalitembenuzira kukhoma. Zinaipiraipira, chifukwa tsopano linkaoneka ngati landikwiyira.

Mwezi unatha, mapiritsi anatha. Ndinayeza mantha ndi mtengo, mtengo unalemera. Ndinapitanso. M'minibasi mpando wa pambali panga unakhala wopanda munthu mpaka m'tauni. (Inu munaonapo kondakitala wa ku Lusaka akusiya mpando?) Ndinanong'oneza kuti, "Mwansa, ndi mapepala chabe." Mayi wa kutsogolo anacheuka, nakumbatira chikwama chake.

Foni inaliranso.

Apa zinakula. Bana Chanda anathawira kwa mwana wawo ku Chilenje. Achibale anabwera kuchokera ku Mansa. Ena ankati malemu wakwiya chifukwa anamuika m'manda wopanda mankhwala ake. Azimayi a mpingo anasala kudya. Kenako abusa anagamula kuti Bana Chanda apite ku kemisitiko akafunse, ndipo awaperekeze mkulu wa mpingo wolimba mtima, wosagwedezeka.

Anasankha ine. Ndikanakana bwanji?

Jekete ndinalisiya kunyumba. Ndinavala chipewa chachikulu. Ndinayesa kuti zakwanira.

Tisanafike n'komwe pakauntala, mtsikana uja anakweza dzanja, mano onse panja.

"Ba Mwansa, shani! Lelo jekete mwasiya? Aba ndiye ba madamu?"

Bana Chanda anayang'ana kumbuyo kwanga. Inenso ndinacheuka. (Inde, ndinacheuka.) Kunalibe munthu, koma sikelo yoyezera thupi.

"Mwana iwe, ubaona kuti?" anafunsa mayiwo.

"Si aba muli nabo? Bamabwela mwezi ulionse na makuponi. Meseji siifika? Imapita yeka bakagula."

Mayiwo anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato. Sanakuwe. Akanakuwa zikanakhala bwino.

"Ba shikulu. Mwezi wonse nigona pansi ku Chilenje. Imwe munali kuniuza ati pempherani."

Ndinafuna kufotokoza kuti inenso ndinkaopa. Ndinatsokomola. Ulendo uno kutsokomola sikunagwire ntchito. Miyendo inaganiza yokha, ndipo ndinadzapezeka ndili pa siteshoni ya minibasi, chipewa palibe.

Ana anga anamva tsiku lomwelo. Tsopano mankhwala amagula ndi iwo, ndipo amandiwerengera mapiritsi ngati mwana. Amati ndikanangopempha.

Zimene ndinataya ndi izi: mpando wakutsogolo ku tchalitchi, moni wa Bana Chanda, chipewa chimodzi, ndi makuponi anayi amene anali asanathe ntchito. Dzina langanso linapita. Ku Kabwata konse, ngakhale ogulitsa tomato, amanditcha Malemu.

Chimene chimandiwawa ndi makuponiwo.