Kabotolo ka Bambo Kafungo

Apongozi anga aamuna, amene msewu wathu wonse unkawatchula kuti Bambo Kafungo, sankadya tchipisi cha mchere wokha. Ankati mchere ndi ndiwo ya alesi. Loweruka lililonse ankanyamula kathumba kulowera kutchire, n'kubwerako ndi masamba, tinjere ndi makungwa, malaya ali chisoso chokhachokha. Wothothola chisosocho ndinali ine, zaka khumi ndi ziwiri.

Nyumba yonse inasanduka poyanikira. Masamba pawindo, pawailesi, mpaka pashelefu ya mbale za alendo. Ukati usunthe kamodzi, mawu ankachokera kuchipinda.

"Mayi, musakhudze zimenezo. Zikupuma."

"Nanga ife tipumira kuti, bambo?"

"Panja pali mpweya wokwanira."

Akayamba kusinja m'kamtondo kawo, mphaka ankasamuka. Tsiku lina telala woyandikana nafe anabwera atakwiya, ati makasitomala akuyetsemulira nsalu. Bambo anadula mbatatesi mopyapyala, kukazinga, kuwaza ufa wawo, n'kumupatsa kuti alawe kaye. Telala anachoka mbale ili mbee, dandaulo ataliiwala pampando. Ndivomere, ngakhale zimandiwawa: tchipisicho chinali chokoma.

Mwamuna wanga ankawafunsa kuti muufamo muli chiyani.

"Zinthu zisanu," ankatero. "Zinayi ndinakuonetsa uli mwana. Chachisanu udzachidziwa ukadzasiya kuyenda mothamanga."

Tinkangoti ndi nthabwala za nkhalamba.

Bambo anatisiya chaka chatha. Kuyambira pamenepo apongozi aakazi chakudya chikuwakanika. Chimene chimalowa n'tchipisi chowazidwa ufa wa amuna awo basi, ndipo ufawo anasiya kabotolo kamodzi. Mwamuna wanga anazungulira tchire lonse n'kupeza zinayi zija. Ine ndinasinja mpaka manja kuchita matuza. Mayi analawa kamodzi n'kukankha mbale pang'onopang'ono.

"Mwayesetsa, ana anga. Koma bambo anu mulibemo."

Tayesa kasanu. Ndatopa ndi kusinja, ndatopa ndi kuwaona mayi akuwonda, diresi likungolendewera.

Sabata yatha telala uja anandipeza ndikusefa ufa wina pakhonde.

"Mwaikamo kachitsamba ka pampopi kaja?"

"Kati?"

"Ka timasamba totuwa. Ndinkawaona bambo aja pampanda, akamasamba m'manja ankathyolako tiwiri n'kuika m'thumba la malaya."

Kachitsambako ndinkakadziwa bwino. Zaka zonsezo ndinkafuna kukazula, bambo n'kumati, "Kasiyeni, mayi, sikanakulakwireni." Tsiku la maliro, posesa pabwalo kuti anthu apeze pokhala, ndinakazula ndi mizu yomwe n'kukaponya pamoto. Ndinamva ngakhale kukoma mumtima kuti pabwalo payera. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma awa anagonera mopitirira.

Masiku ano mawindo ali oyera, mphaka amagona pakhitchini, mumsewu palibe woyetsemula. Nyumba ili mmene ndinkafunira, ndipo sikundisangalatsa.

M'kabotolo mwatsala masipuni ngati awiri. Sindinauze aliyense zimene ndinachita. M'mawa uliwonse ndimathira kapu ya madzi pamalo paja, n'kugwada kuyang'ana ngati patuluka kanthu kotuwa. Dzulo mayi anandipeza nditagwada choncho.

"Mukuthirira chiyani padothi popanda kanthu?"

"Fumbi lachuluka, mayi."

Anayang'ana pansipo nthawi yaitali.

"Muzithira madzulo," anatero. "Bambo anu ankathira madzulo."