Mmene ndinaphera alamu anga pa wayilesi

Ndinene poyambirira kuti sindinapepese ndipo sindipepesa. Amene akudikira kuti ndigwade apeze mpando, akhale.

Ine kwathu ku Madisi ndimadziwika ndi timasewero tatifupi, tija timachita Misa ikatha anthu asanabalalike. Lamulo langa ndi limodzi: mphindi zisanu, anthu aseke, wina afe, basi. Ndapha anthu ambiri kuposa malungo (m'masewero, musandiitanire apolisi). Wakufayo amadzuka, kusasa fumbi, tonse ulendo kunyumba.

Ndiye tsiku lina Mayi Nabanda, oyang'anira mapulogalamu pa kawayilesi kena kakuno, anandiitana.

"Achimwene, tikufuna sewero loseketsa la sabata ndi sabata. Banja limodzi, anthu omwewo chaka chonse, omvera awazolowere ngati aneba. Mutha?"

"Mayi, kumwa madzi kumeneko."

Zakuti "chaka chonse" zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Malo a bambo wa m'nyumbamo ndinapatsa alamu anga a Gwaza, amuna a chemwali, ogwira ntchito pa esiteti ya fodya. Dzina sindinasinthe, kutchalitchi aliyense amasewera ndi lake. Alamu anauza esiteti yonse kuti atchuka, mpaka kugula jekete (ya pa wayilesi, anthuni, pomwe palibe amakuona).

Gawo loyamba linali lokoma. A Gwaza aba nkhuku ya akazi awo, akaidyera kuseri kwa chigafa, fupa n'kuwatsamwitsa. Pomaliza ndinathirapo mchere: ine mwini, ndi mawu ozizira aja owerengera mauthenga a maliro. "Tikudziwitsa abale onse a ku Chezi ndi ku Nachisaka kuti a Gwaza atisiya. Mwambo wonse uchitika mawa." Mayi Nabanda anali kumsonkhano, ndiye zinaulutsidwa momwemo.

Kutacha, lole yodzaza anthu vuu kwa alamu! Azimayi a ku Chezi, ufa pamutu, nkhuni m'manja, kulira kuyambira kumsewu. Kufika pakhomo, apeza malemu ali pakhonde, akupopa njinga.

Azakhali awo analekeza kulira pakati.

"Gwaza, iwe, sunafe?"

"Ayi, azakhali."

"Ndiye ife tasiyiranji mtedza m'munda?"

Ndikukuuzani, anthu aja anakwiya kwambiri kuona munthu ali moyo. Chemwali anandithamangitsa ndi mthiko mpaka kumapiri a ku Ntchisi (ena amati mpaka pachitsime, koma wothamanga ndinali ine, mtunda ndikuudziwa).

Lolemba lake Mayi Nabanda anandikhazika pansi.

"Achimwene, timasewero tanu tija ndi chimanga chootcha: wadya, wataya chitsononkho, waiwala. Ili ndi dimba, umathirira sabata ndi sabata. Anthu aziseka poti a Gwaza akuwadziwa khalidwe lawo, osati poti afa. Nanga sabata yamawa bambo wa nyumba akhala ndani?"

"Mnzawo wamapasa, Mayi. Afika kuchokera ku Joni."

Nkhope yawo inawala pang'ono. "Eya, pamenepo! Ndiye akafika?"

"Ng'ombe iwagunda. Ndalemba kale."

Anandilanda cholembera m'manja momwemo, n'kundilozera khomo.

Pano sewerolo amalemba mphunzitsi wina. A Gwaza anawadzutsa, ati anangokomoka. Sabata iliyonse amakangana ndi akazi awo nkhani ya mchere, sabata iliyonse amagwirizana, ndipo palibe ngakhale mmodzi amatsamwa. Alamu sandiyankhula, akandiona amangokonza kolala ya jekete.

Koma tandiuzani, kuyambira pomwe ndinachoka, ndi gawo liti linadzazapo lole? Mphunzitsiyo adabweretsapo munthu ngakhale wa pa kabaza? Ine mphindi zisanu zokha, Chezi yonse inasamuka.

Ndiye musati sindinatolepo phunziro. Ndatolapo: ukamapha mlamu, usamatchule kumudzi kwawo.