Puloteni wa M'mbale, Puloteni wa M'thupi

Uthenga unandipeza kudimba, khasu lili m'manja, matope a Shire ali m'maondo. Uthenga wabwino, wabwino ndithu, koma ine ndinausandutsa njala ya munthu.

Anali Esita, mdzukulu wanga, pafoni. "Agogo, ndakhoza! Kafukufuku wanga wa khansa amuvomera."

Ndinaimba nthungululu mpaka akakowa anauluka. Mwana ndinamulera ine, mwana ndinamubereka kumbuyo ine, lero wagonjetsa mabuku! "Wapeza chiyani, mayi wanga?"

"Pali puloteni wina, agogo, amene amathandiza khansa kumera timiyendo. Ikatero imakwawa, kuchoka pamene inayambira n'kukafika pena."

Ananena zambiri, koma ine ndinali nditayamba kale kuvina. Ndinatolapo mawu awiri basi: puloteni, kukwawa. (Sukulu ndinalekera sitandade 2, koma puloteni ndimamudziwa. Kusikelo anatiphunzitsa ndi nyimbo: nyemba, mazira, nsomba, nyama.)

Tsono kunyumba kunali Rozina, mng'ono wanga, wodwala khansa ya m'bere, amene amapita ku Blantyre kukalandira mankhwala a m'diripi. Ndinamupeza pakhonde akusenda dzira. Kani ine, ndi manja angawa, ndakhala ndikunenepetsa miyendo ya nthenda!

Dziralo ndinalanda. M'mawa mwake nandolo ndinagawira anansi. Milamba imene mlamu anabwera nayo kuchokera kudambo ndinaibweza ikuphiriphitha. Lamulungu ndinaimirira m'tchalitchi n'kuchenjeza amayi onse, ndikutchula Esita katatu.

"Akulu, kamutu ka nsomba kokha," ankapempha Rozina.

"Ukufuna ifike m'chiwindi? Imwa phala."

"Phala lomwelomwelo, ngati khanda?"

"Khanda siliyankha."

Milungu itatu. Tsiku la mankhwala litakwana, anamukweza pasikelo, anamutenga magazi. Namwino anayang'ana pepala, anayang'ana Rozina, kenako ine.

"Thupi latsika, magazi achepa. Lero diripi sitiika. Kunyumba akudya chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, chifuwa chili patsogolo. Namwino sanaseke. Bola akadaseka.

Esita, amene ankaphunzira mu Blantyre momwemo, atamva zimenezi anatipeza pabenchi panja. Anagwada patsogolo panga, mwana wophunzira chonchija. "Agogo, puloteni uja si wa m'mbale ayi. Ameneyu thupi limapanga lokha, m'tizigawo tating'ono tosaoneka ndi maso. Amakoka tiulusi ta m'menemo monga asodzi akokera ukonde. Mazira samutuma. Ndipo mankhwala ake sitinawapeze, tangoyamba kumudziwa."

Rozina anandigwira dzanja, zala zili mafupa okhaokha. "Musalire, akulu. Mungokandiitanitsira milamba yanga."

Ndinaphika, abale, ndinaphika. Ndinabwereranso kutchalitchi kukameza mawu anga pamaso pa amayi omwe aja (ena anali atasiya kale kuphika nyemba, amuna awo osadandaula). Patapita milungu iwiri magazi anakwera, diripi anamuika. Koma milungu iwiri yochedwayo ndi yanga. Kaya nthenda inakwawa bwanji m'masiku amenewo, adokotala sananene, ndipo ine ndikuopa kufunsa. Zina zonse tsopano ndimafunsa: wa m'mbale, kapena wa m'thupi?

Titatsika minibasi pobwera kudiripiko, tinapeza bwalo ladzaza abale ndi anansi odzatichingamira. Takhuta, takhuta nonse, ndiye zikomo wa kwathu kuno! Panali a Zuze ndi akazi awo, Fatima wa kwa Katunga, mlamu Jofirisi, mayi Alufandika, Dominga ndi mapasa ake, Esita wanga, ndi Rozina mwini wake atakhala kale pamphasa, m'kamwa modzaza, osayankha moni wa munthu.