Mkonono pansi pa chitenje

Zithunzi za chinkhoswe changa sindionetsa alendo. Zilipo, zowala bwino, koma aliyense m'menemo akuseka kupatula ine ndi amalume.

Gwero la zonse ndi mphuno zanga. Kukangochita chiperoni kapena fumbi likayamba kuuluka, zimatsekeka ngati sitolo Lamulungu, ndiye ndimapumira kukamwa usana ndi usiku. M'mawa ndimadzuka kukhosi kuli gwaa, milomo itang'ambika, mutu ukulemera, ndipo tsiku lonse ndimayenda ngati theka langa latsala pabedi. Azakhali anga, omwe ndi namwino, anali atalankhula mpaka kutopa.

"Mwana iwe, pakamwa ndi podyera. Mpweya uzidutsa m'mphuno kuti usefedwe, ufunde. Mmene umapumiramu tulo sukhuta, n'chifukwa chake umangosinza paliponse. Tapita kuchipatala."

Ine ndinkangoti ndipita mawa (mawa lake linali ndi miyendo, silinkapezeka).

Mwambo unachitikira kwa amalume ku Mpingwe, tsiku lomwe nkhungu inaphimba phiri lonse. Ine ndi asuweni anga awiri anatifunditsa zitenje zofanana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutikhazika pamphasa, ine pakati, kuti Limbani, mwamuna wodzandikwatirayo, aloze wake. Kutsogolo kunali bambo ake, mkulu wa mpingo amene amati akakuyang'ana umakumbukira machimo a chaka chatha. Ndinkafunitsitsa kuti andione mtsikana waulemu, woyenera velo yoyera.

Koma asanaloze, amalume anapempha kuti alankhuleko mawu awiri. Anayambira pa mmene makolo athu anachokera ku Mozambique wapansi.

M'kati mwa chitenje munali dziko lina. Kuwala kunkalowa kwa chikasu, maluwa a nsaluyo ali pafupi ndi maso anga. Mpweya womwe ndinkatulutsa unkandibwerera kumaso uli wofunda, wotopa, ndipo mutu unayamba kupepuka. Mawu a amalume anapita kutali. Pamene makolo athu ankawoloka mtsinje, maluwa aja anayamba kugwedezeka, ine n'kunyamuka pang'onopang'ono, mphasa ndi ine yemwe. Ndinadutsa pamwamba pa phiri, Limbe yense ali pansi m'nkhungu, magetsi a magalimoto akuphethira. Kenaka mphuno zinatseguka. Abale, ndinanunkhiza dothi lonyowa, buledi wotentha, masamba a bulugamu, zinthu zimene ndinali nditaziiwala. Ndinasangalala mpaka misozi. Chondidabwitsa chinali chimodzi: kwinakwake kunkalira chigayo, ndipo kulikonse kumene ndinkauluka chinkanditsatira.

Chigayocho ndinali ine.

Zotsatirazi anandiuza asuweni anga, amene akuti anandigunda ndi zigongono mbali zonse koma osaphula kanthu. Amalume atamaliza, ankhoswe anamuuza Limbani kuti ayang'anitsitse, asapupulume. Iye sanayandikire n'komwe.

"Ndi wapakatiyo," anatero monyadira. "Mkonono umenewo ndingauzindikire ngakhale mumdima."

Amayi ena anali atayamba nthungululu, koma inathera pakhosi. Chitenje chitavundukulidwa ndinadzidzimuka, kukamwa kuli yasa, dovu lili pachibwano. Bambo ake a Limbani anavula magalasi.

"Limbani, ukwati sitinadalitse. Mkonono wa mwana wa eni ake waudziwira kuti?"

Apa m'pamene tulo tinandithera. Ndinaona velo yanga ikuuluka kulowera komwe ndinachokera kuja. Amayi anga anaweramitsa mutu, amalume akundiyang'ana ngati ndawotcha nyumba.

"Mu minibasi, bambo," anatero Limbani, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. "Timakwerera limodzi ku Limbe popita kuntchito. Tikamafika pa Chichiri amakhala atagona paphewa langa, ndimakawadzutsa pa Ginnery Corner."

Zinkamveka ngati bodza lophika mothamanga, ngakhale kwa ine amene ndinkadziwa kuti ndi zoona.

Kenaka kumbuyo kunaimirira mayi wina wachikulire wa kuchimuna, amene nkhope yake ndinkangoiona m'mawa pa siteji.

"Pepani akuluakulu, mwanayu sakunama. Ine ndimakwera nawo. Mtsikanayu ndi wodziwika msewu wonse, makondakitala amamutcha Chigayo. Tsiku lina adalaivala anaimitsa galimoto kuti aone ngati injini yavuta."

Anayamba kuseka ndi apongozi anga aakazi, kenaka bwalo lonse. Bambo aja anavalanso magalasi, mapewa akugwedezeka, n'kunena kuti mwambo upitirire. Ndinalira, koma sindikudziwa ngati inali misozi ya manyazi kapena ya mpumulo.

Lolemba lake azakhali sanandifunsenso, anangondigwira dzanja mpaka kuchipatala. Adokotala anati m'mphuno mwanga mumatupa ndi fumbi komanso kuzizira, ndipo anandipatsa mankhwala opopera. Ndikawagwiritsa ntchito ndimagona ngati munthu, fungo la buledi ndimalimva ndili maso. Ndikaiwala (ndimaiwala kawirikawiri), Limbani sadandaula, amati bola akudziwa kuti mkazi ndi yemwe uja anasankha.

Ukwati tinadalitsa kutchalitchi, velo ili kumutu. Kungoti mpaka lero ndikafika kwa apongozi, ana amathamanga kukanena m'nyumba kuti a Chigayo abwera, ndipo ine ndimavomera. Ndingakane bwanji dzina limene linandipulumutsira ukwati?