Tsiku Limene Galimoto ya a Benedito Inandineneza

Waseka ndani? Ndiwe wa mota yofiirawe? Seka, mano ndi ako, koma ukatha ukafunse kuyambira pamsika wa Furancungo pano mpaka ku Chidzolomondo ngati alipo anaonapo injini ikundikanika ine Mestiri Jasinto, ndipo ukamupeza ubwere naye, ndidzakupatsa ofisina yanga yokonzera magalimoto ino ndi zitsulo zake zonse, galu wagona apoyo ndidzakuikira pamwamba. Inu a mamota, a njinga zamotonu, mwakhulupirira komputadoro kuposa khutu la munthu. Khalani pa matayalapo, okwera sabwera dzuwa likuswa mtengo chonchi, ndikuuzeni za tsiku limene ndinalankhulitsa galimoto yosalankhula.

Galimotoyo inali ya a Benedito, akompadire anga, pakuti ndine ndinanyamula mwana wawo Selesita pa ubatizo. Tinabwerera limodzi kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndi sipanala imodzi m'thumba, iwo ndi khasu lopanda mpini, ndipo fodya atawayanja anagula galimoto yakale yotseguka kumbuyo, imene inanyamula mbatata za ku Ntengo-Wambalame, akwatibwi, odwala, ndi kwaya yonse ya mpingo pamodzi ndi ng'oma zake. Vuto lake linali limodzi: m'mawa sinkalira popanda kukankha, ndipo ikalira inkamwa gazolina mosaona kumbuyo, utsi wakuda uli tolotolo. A Benedito ankaikonda choncho. Ankandiuza kuti, "Kompadire, ndikadzafa idzandinyamule ndi imeneyi, musadzandikweze pa chapa ya matola ngati thumba la nyemba." Ndinawalonjeza, dzanja m'dzanja.

Anamwalira ndi chifuwa pachipatala chathu chino, nyengo yozizira. Adzukulu ku Chidzolomondo anayamba kukumba m'mamawa, ndipo mukudziwa inu kuti manda akakumbidwa sagona ali pululu. Bokosi linali lokonzeka, amayi akuimba, koma galimoto inakana kwamtuwagalu. Tinaikankha amuna makumi anayi, kuchokera kuchipatala mpaka kumsika, kubwerera, kupitanso, kubwereranso, mpaka msewu unafupika ndi kupondedwa, mukumva? Unafupika, n'chifukwa chake lero mumafika msanga kumsika. Alamu a malemu anati dzuwa likafika pamutu akatenga chapa, ndipo ine mtima unandiwawa, chifukwa lonjezo kwa wamoyo ukaliphwanya umakapepesa, nanga wakufa ukampeza kuti?

Ndipamene anatulukira Selesita kuchokera ku Tete, kumene amagwira ntchito mu ofisina yaikulu, mayi wa ana atatu tsopano, maso otupa ndi kulira, chitenje m'chiuno, komputadoro kukhwapa. Sanakhale ndi pansi pomwe. Anatsegula chivundikiro cha injini, napeza kabowo kolumikizirapo chingwe, kamene ine ndinkayesa n'kosungiramo fumbi, nalumikiza. Pagalasi panatuluka mawu awiri okha.

"Sem comunicação, a padirinyu," anatero, kunditchula monga bambo wake wa ubatizo. "Sizikumvana ndi injini."

Apa mpamene panafunika munthu wamkulu. Ndinamuuza kuti pulogalamu yakoyo ndi mwana wa dzana, ikulankhula mothamanga, pamene injini iyi ndi nkhalamba, ndipo nkhalamba suifunsa matenda usanaipatse moni: yamba watembenuza kiyi, udikire ipume katatu, kenaka utsitse liwiro la pulogalamuyo, uisankhire chilankhulo cha magalimoto akale. Anachita zonsezo, nasinthanso khomo lolowetsera chingwe pa komputadoro, pakuti anali atasankha lolakwika. Ndiye pomwepo bateriya ya komputadoro n'kufa, magetsi m'tauni mulibe, anthu manja m'khosi, ine osanjenjemera, ndinatsitsa thumba la mbatata za ku Tsangano limene ena anabweretsa pamaliro, ndinabaya iliyonse ndi msomali ndi waya wa mkuwa, mbatata mazana atatu pamzere, ndipo moto umene unatuluka mmenemo unadzutsa komputadoro, unayatsa firiji ya kuchipatala, wotsala unakaliza wailesi ya wogulitsa makala imene inafa kalekale. Mbatatazo zinapsa zokha, anthu anadya pamaliro. Mukumva? Amayi amene anagawa alipo, kafunseni.

Komabe injini inali duu. Selesita anayamba kutsata mawaya ndi chala, mmodzimmodzi, kuchokera pakabowo kaja mpaka kuseri kwa chiwongolero, ndipo kumeneko anapeza mawaya awiri odulidwa, wina wa kabowoko, wina wa kanyali kochenjeza woyendetsa injini ikadwala, atapindidwa bwinobwino, atamangidwa ndi kamphira ka chubu cha njinga, kokulunga katatu, mfundo kumanzere. Anayang'ana kamphirako. Kenaka anayang'ana mpini wa nyundo yanga, umene unali womangidwa chimodzimodzi.

"A padirinyu, makoswe a kuno amadziwa kumanga mfundo?"

"Makoswe a kuno ku Macanga ndi ophunzira, mwana wanga," ndinatero ine.

Anasolola kamphirako osakamasula, anasenda mawayawo ndi mano, nawalumikiza.

Abale inu, chimene chinatuluka! Injini imene inatsekedwa pakamwa zaka khumi ndi zisanu inayamba kunena zonse pakamodzi, chingwe chinatupa ngati nsato yameza mbuzi, ine n'kumachikama ndi manja awiri kuti manambala adutse, manambala ali mbwee pagalasi, ena kugwera pansi nkhuku n'kumatola, ndipo injiniyo inanena dzenje lililonse la msewu wa ku Ntengo-Wambalame, inanena nkhumba imene tinagunda n'kukana, inanena tsiku limene a Benedito anaithira palafini, mpaka komputadoro inalemera, amuna anayi n'kumaigwirizira kuti isaboole galimoto. Pakati pa chipwirikiti chonsecho panali nambala imodzi yosasuntha.

"Menos quarenta," anatero Selesita. "Makumi anayi pansi pa ziro. Injini ikuganiza kuti ili m'madzi oundana."

Zinali zoona, chifukwa galasi la komputadoro linachita chisanu, ndinachipala ndi chikhadabo ine. Kachitsulo koyeza kutentha kwa injini kanali katachita dzimbiri kumutu, uthenga osadutsa, ndiye injiniyo, poganiza kuti ikufa ndi kuzizira, inkadzithira gazolina wambiri mpaka kutsamwa, chilimwe ndi dzinja, zaka zonsezo. Selesita anapala dzimbirilo ndi kampeni, anaumitsa mavela, mapulagi aja, onyowa ndi gazolina, nambala ija inakwera, ine ndinatembenuza kiyi kamodzi kokha. Inalira mofewa, yopanda utsi. Dzuwa linali lisanafike pamutu, ndipo ena amati ndinaligwira ndine kuti lidikire. Zimenezo sinditsutsa.

Tinawanyamula a Benedito. Ndinayendetsa ndekha, pang'onopang'ono, akomadire, akazi a malemu, ndi amayi a kwaya atazungulira bokosi kumbuyo, Selesita pambali panga, komputadoro pamiyendo, akuyang'ana mtima wa injini ukugunda pagalasi. Pamtunda umene galimotoyo inkatsamwa nthawi zonse inakwera osatsokomola, ndipo ine misozi inatsika, anthu n'kumati mkuluyu akulira mnzake. Ndinkawalira, inde, koma sizinali zokhazo.

Tsopano tamverani, inu oseka. Kanyali kaja kanayaka kalekale, akompadire atangoigula kumene galimotoyo. Ndinafufuza masiku atatu, khutu langa lotchukali silinamve kanthu, ndipo mawu akuti "sindikudziwa" anandikanika kukhosi, pakuti mestiri dera lonse lino ndinali ndekha. Ndinadula mawaya, kanyali kanazima. A Benedito anavina. Anandilengeza m'misika yonse kuti kompadire wanga amachiza injini ndi khutu, ndipo ulemu umene mumandipatsa lero anandikumbira ndi iwowo, munthu amene m'mawa uliwonse ku Tsangano, chisanu chili mbuu paudzu, ankatsika kukankha galimoto yodzaza mbatata, akutsokomola, akunena kuti ndi ukalamba wa chitsulo. Sindikuti chifuwacho ndinawapatsa ndine; a dotolo sananene choncho. Koma ntchito imene Selesita anaichita ndi kampeni ikanachitika kalekale, ndikanangovomera kuti zandikanika, iwo n'kukafunsa kwina. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Titakwirira, Selesita anandigwira chanza monga anagwirira wina aliyense, ndipo m'dzanja langa anasiyamo kanthu. Sanauze amayi ake, sanauze munthu. Za mbatata mukhoza kukana, za msewu wofupika mukhoza kukana, ngakhale ine ndikulumbira kuti zinachitika. Koma aka naka, sikachoka m'thumba la malaya anga. Iwe wa mota yofiira, gwira, uwerenge wekha. Kokulunga katatu, mfundo kumanzere.