Sabata yomwe ndinadzitsekera kunja

Lolemba

Bwana apita ku Balaka, msonkhano wa sabata yonse. Andisiyira ntchito imodzi: mndandanda wa mabanja olandira chimanga utumizidwe kulikulu pofika Loweruka masana, ndipo makina a kumeneko amangolandira zochokera pa intaneti ya ofesi ino. Koma intanetiyo ikukwawa. Msika wonse wa Nsanama uli pakhonde pathu ndi mafoni, pasiwedi ya waifai aliyense akuidziwa.

Pulani: kulowa mu fayawolo, kabokosi kakuda kosankha wolowa ndi wotsala kunja, n'kutseka onse. Zosavuta!

Lachiwiri

Kabokosi kali ndi pasiwedi yakeyake. Ndayesa dzina la bwana, dzina la mkazi wa bwana, 1234. Kati ndidikire ola lathunthu. Ndaimbira a Mussa a ku Balaka, amene anakalumikiza. "Kazondotseni, pansi pali kapepala." Ndalowa!

M'kati mulibe dzina la munthu, manambala ndi zilembo basi. Ndatseka onse, ndasiya kompyuta yanga yokha. Mndandanda sindinamalize kuulemba, nditumiza mawa. Chamasana: mango aawisi ophika.

Lachitatu

Apongozi afika. M'ofesi sanalowe, mkamwini ndi apongozi sapenyana. Atuma mkazi wanga: "Amayi akufunsa kuti madeya amene mumadya madzulo ndi a ndani?" Ndi awo. Mudzi ndi wawo, nyumba ili pamalo pawo. Akudikira uthenga wa mwana wawo wa ku Joni, koma foni yawo ndinaitsekera limodzi ndi ena.

Nanga foni yawo ndi iti pa manambala onsewa? Ndikutsegula imodziimodzi, mkazi wanga akukuwa pakhonde: "Iyayi, sinayambe!" Pofika pa yawo ndatsegulira theka la msika.

Lachinayi

Ena otsegulidwa lero:
a shehe, munthu ungawakanize bwanji;
a Jafali a nsomba za ku Chiuta, abwera ndi milamba iwiri youma, njala inoyi;
mayi wina amene wangoima pakhomo n'kumandiyang'ana.

Intaneti ikukwawanso. Mndandanda wayenda pang'ono n'kuima. Mutu wanga waimanso.

Lachisanu

Anthu ali kumzikiti, khonde lili zii. Nzeru yabwera! Ndapeza tsamba lolembedwa kuti ololedwa. Ndaikapo foni ya apongozi kuti isadzatsekekenso, ena onse ndatseka, ndasunga.

Kabokosi kanditulutsa. Kompyuta yanga ndinaiwala kuiikapo. Ndiyesenso kulowa, kakukana, ngakhale pasiwedi ndi yomweyo. Sindikumvetsa chilichonse!

Loweruka

A Mussa aseka mpaka kutsokomola. Akuti tsamba lija ndi la ololedwa kulamulira kabokosi. Ndiye kuti wolamulira fayawolo ya ofesi pano ndi apongozi anga, munthu woti zilembo za pafoni amawawerengera mkazi wanga.

"Ingobwerekani foniyo mphindi ziwiri," akutero a Mussa. Iwo sanakwatire chikamwini, zikuoneka. Kabatani kofufutira zonse akuti ndisakakhudze, iwo sangabwere sabata ino.

Ndatuma mkazi wanga kukapempha. Wabwerako chimanjamanja: amayi anyamuka m'mamawa kupita ku sadaka ku Ngokwe, foni ili m'chitenje. Kuli mpunga kumeneko, sabwera lero.

Masana akwana ndikuyang'ana kabokosi. Timagetsi take tikungophethira.

Lamulungu

Mndandanda sunapite. Ndikuukopera pamanja m'kope, dzina ndi dzina, ndipo ambiri ndikuwadziwa nkhope. Mawa njinga mpaka kulikulu ku Liwonde, ndikagwade, mwina andimvera chisoni. Mantha ndili nawo, sindikubisa.

Apongozi abwera madzulo ano, anditumizira kambale ka mpunga wa ku sadaka. Pamodzi ndi mbaleyo pabwera funso: "Afunseni akamwini, chimanga chija tikalandire tsiku liti?"

Mpunga ndadya. Ndabwerera ku kope langa.